Musatseke maventi, kuzizira kwa ku Dowa ndi Ntchisi kumalowera kudenga

Ntchito yanga ndi yomanga nyumba, ndipo dera limene ndimalidziwa bwino ndi la mapiri a Dowa ndi Ntchisi, kuyambira ku Mvera ndi Kongwe mpaka ku Malomo ndi Nthondo. Kuno miyezi ya Juni ndi Julayi si yamasewera. Mwera ukaomba, nkhungu n'kutsetsereka kuchokera m'phiri la Ntchisi, usiku kumazizira kufika pa madigiri 10, mwinanso kutsikirapo, ndipo m'nyumba zambiri zamalata mumachitika zofanana. Anthu amatenga nsanza, matumba a simenti otha kapena nyuzipepala n'kufinyira m'maventi onse, ena amachita kumata ndi matope, kenako mbaula ya makala imene aphikira nsima amailowetsa kuchipinda kuti ana agone mofunda. Cholinga chake n'chabwino, ndipo sindinganyoze kholo limene likuteteza mwana wake ku chisanu. Koma monga mmodzi wa anthu amene amaika maventiwo ndi manja awo, ndikufuna kunena mosapsatira kuti kutsekako kumapulumutsa kufunda kochepa kwambiri, pamene malipiro ake ndi chifuwa, chinyezi ndipo nthawi zina maliro. Kufunda kwa nyumba zathu sikuthawira kwenikweni m'maventi, kumathawira kudenga, ndipo zimenezi zikhoza kuwerengedwa.

Vuto lofuna mpweya wabwino popanda kutaya kufunda si lathu lokha. Maiko ozizira kwambiri analimbana nalo kalekale, ndipo anapanga makina ake. Makinawo ndi bokosi lokhala ndi mafani awiri. Fani imodzi imakoka mpweya wogwiritsidwa kale ntchito kuchokera m'nyumba, inayo imalowetsa wa panja, ndipo mipweya iwiriyo imadutsana m'tinjira tolekanitsidwa ndi timapepala topyapyala ta chitsulo kapena pulasitiki. Siisakanikirana, koma wotuluka uja umasiyira wolowayo kutentha kwake. Nyumba ina yomangidwa mu 1977 mumzinda wa Regina ku Canada ndi imodzi mwa zoyamba kuonetsa kuti njirayi ndi yotheka, ndipo mu 1991 ku Darmstadt ku Germany kunamangidwa nyumba imene Wolfgang Feist ndi anzake anayambira nayo muyezo wotchedwa Passivhaus, umene umafuna kuti makinawa azibweza magawo osachepera 75 pa 100 aliwonse a kutentha kumene kukanatayika. Chimene chimandikopa ine si bokosilo ayi, koma kayezedwe kake, poti n'kosavuta. Ngati panja pali madigiri 10, m'nyumba muli 20, ndipo mpweya wolowa kudzera m'makinawo ukufika uli pa 18, ndiye kuti mwa madigiri 10 amene anasiyanitsa panja ndi m'kati, makinawo abweza 8, kutanthauza magawo 80 pa 100. Amayezanso ngati mpweya wolowa ukufanana kuchuluka ndi wotuluka, amayeza magetsi amene mafani akudya, ndiponso amayeza ngati nyumbayo ilibe ming'alu, chifukwa mpweya wozembera m'mphepete mwa chitseko sudutsa m'bokosimo ndipo palibe chimene umabweza. Anzathuwo sakhulupirira zolembedwa pa katoni, amafunsa nyumba yeniyeniyo itamangidwa kale. Mafunso awowo ndi amene tiyenera kubwereka.

Tiyeni tiwafunse pa chipinda chathu wamba, cha mamita 3 m'litali, mamita 3 m'lifupi ndi mamita 2.5 kutalika, mogona anthu awiri, malata ali pamtunda popanda siling'i. Tinene kuti panja pali madigiri 10 ndipo tikufuna m'kati mukhale 18. Muyezo wa ku Germany uja umati munthu mmodzi amafunika mpweya watsopano wokwana makiyubiki mita 30 pa ola, ndiye anthu awiri ndi 60. Kufunditsa kiyubiki mita imodzi ya mpweya ndi digiri imodzi pa ola lililonse kumadya gawo limodzi mwa magawo atatu a wati, choncho mpweya wonsewo, pa kusiyana kwa madigiri 8, umatuluka ndi mawati pafupifupi 160. Munthu wamkulu ali mtulo thupi lake limatulutsa mawati pafupifupi 80, kutanthauza kuti anthu awiri aja akubwezeretsa okha zonse zimene maventi akutaya. Tsopano yang'anani kumwamba. Lata ndi chitsulo chopyapyala chosakwana ndi theka la milimita, ndipo limadutsitsa mawati pafupifupi 7 pa sikweya mita iliyonse pa digiri iliyonse. Denga la chipinda chimenechi ndi masikweya mita 9, ndiye likutaya mawati pafupifupi 500, kuposa katatu zimene maventi akutaya, ndipo usiku wopanda mitambo lata limazizira kuposa mpweya wa panja, kutayako n'kukulirakulira. Mukaika siling'i ya mabolodi wamba, kutaya kwa dengalo kumatsika kufika pa mawati osakwana 200. Siling'i yapulumutsa mawati oposa 300 popanda waya wa magetsi ngakhale umodzi, pamene nsanza za m'maventi, ngakhale zitatseka bwino chotani, sizingapulumutse oposa 160. Kutseka maventi denga lili lamalata okhaokha kuli ngati kuvundikira bwino mtsuko umene wabooka pansi.

Pali chinanso chimene anthu ambiri sachiganizira, ndipo n'chimene chimandipatsa chikhulupiriro pa ntchito ya njerwa. Mpweya susunga kutentha kwenikweni. Mpweya wonse wa m'chipinda chija umalemera makilogalamu pafupifupi 27, ndipo kutentha kumene ungasunge n'kofanana ndi kwa njerwa 10 kapena 12 basi, pamene makoma a chipindacho ali ndi njerwa zoposa chikwi. Nkhokwe ya kufunda ndi khoma ndi pansi, osati mpweya. Khoma lokhuthala masentimita 23, limene timayala njerwa ziwiriziwiri, limamwa dzuwa masana onse ndipo kutenthako kumatenga maola 6 kapena kuposerapo kuti kufike m'kati, ndiye kumafika nthawi imene banja likukagona. Amene analowapo m'nyumba zakale za kumishoni, monga ku Mvera kumene amishoni a Dutch Reformed anafika mu 1889 kapena ku Kongwe kumene Robert Blake anayamba ntchito mu 1894, akudziwa mmene makoma okhuthala ndi denga lalitali zimakhazikitsira nyengo ya m'nyumba. Nyumba ya mdindo kapena ya zidina yomangidwa bwino imachitanso chimodzimodzi. Vuto labwera ndi kuumira: khoma la njerwa imodziimodzi la masentimita 11, denga lotsika mpaka kufika polikhudza ndi dzanja, ndi mazenera oloza kumene mwera umachokera. Kuyambira 2018, malamulo a boma amaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomangamanga za boma ndi zamalonda pofuna kupulumutsa mitengo, ndipo ine ndikugwirizana nazo poona mmene mapiri a Dowa ayerera. Koma buloko ya simenti yamphako, makamaka yopyapyala, siisunga kufunda ngati khoma lokhuthala la dothi, choncho womanga ndi mabuloko ayenera kusamala kwambiri za siling'i ndi pulasitala wa mbali zonse ziwiri. Njerwa zadothi zopanikizidwa ndi makina, zothira simenti pang'ono, zimasunga kufunda bwino popanda kuotcha mtengo.

Nanga chimachitika n'chiyani maventi akatsekedwa? Umboni woyamba umaoneka m'mamawa. Yang'anani kunsi kwa malata cha m'ma 5 koloko m'mwezi wa Julayi: timadontho tandandalika m'mizere ya lata, tina tikugwera pa bulangeti, misomali yachita dzimbiri ndipo thabwa limene latalo lakhomedwapo lada bii. Eni nyumba amati denga likudontha, chonsecho mvula inaleka mu Epulo. Madziwo ndi mpweya wawo womwe. Munthu mmodzi amatulutsa madzi okwana pafupifupi kapu imodzi usiku umodzi kudzera m'kupuma ndi thukuta, ndiye banja la anthu asanu likuthira lita imodzi ndi theka m'chipinda chotseka, osawerengera zovala zonyowa zoyanikidwa pa chingwe. Chinyezicho chimabala chuku kuseri kwa kabati, chimaoletsa mapaso, chimafundula penti, ndipo bulangeti lachinyezi silifunditsa. Chifuwa chachikulu nachonso chimafala mosavuta m'chipinda chimene mpweya wake susintha, ndipo kumalo othithikana monga ku Dzaleka, kumene msasa unatsegulidwa mu 1994 kuti usunge anthu 10,000 kapena kuposerapo pang'ono koma lero muli oposa 50,000, nkhani imeneyi ndi yaikulu. Choopsa koposa ndi mbaula ija. Makala oyaka pamalo osowa mpweya amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu. Makala ofiira bwino, opanda utsi n'komwe, amautulutsabe. Umayamba ndi mutu ndi chizungulire, munthu n'kumva tulo tokoma, ndipo ena sadzukanso. Bungwe la World Health Organization limati utsi ndi mpweya woipa wa m'nyumba zinapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni padziko lonse m'chaka cha 2020. Venti lotseguka silichotsa ngozi ya mbaula kuchipinda, ndipo ndisanamizire kuti limatero. Mbaula isagone m'chipinda chogona anthu, maventi akhale otseka kapena otseguka.

Wina anganene kuti masamu anga ndi abwino papepala, koma mphepo yolowa pa venti imamveka pathupi, ndipo mwana amene akugona pamphasa ndi amene amaimva. Ameneyu akunena zoona, koma wolakwa ndi mmisiri amene anaika ventilo pamalo olakwika. Venti loyang'ana kum'mwera chakum'mawa, kumene mwera umachokera, lili pamwamba penipeni pa bedi, limathira mphepo pamutu pa munthu. Mankhwala ake ndi kuchepetsa la mbali ya mphepoyo kapena kuliphimba ndi kathabwa kopendekera m'mwamba kuti mpweya uziyamba wagunda siling'i n'kusakanikirana ndi wofunda, kwinaku la mbali inayo lili lotseguka ndithu. Mpweya umafuna khomo lolowera ndi lotulukira, ndipo popeza wofunda umakwera, lotulukira likhale pamwamba. Winanso anganene za udzudzu, ndipo mfundo imeneyi ndi yolemera kuposa yoyambayo. Udzudzu wa malungo umakonda kulowera pampata wa pakati pa khoma ndi denga, ndipo kafukufuku wa ku Gambia anaonetsa kuti kutchinga nyumba ndi waya kumachepetsa udzudzu wolowa pafupifupi ndi theka. Kwathu kuno, ntchito yolimbana ndi malungo m'midzi yozungulira Majete ku Chikwawa inaphunzitsanso anthu kumata mipata ya kudenga ndi kuika waya pa mabowo a mpweya. Phunziro lake n'lakuti mpata wongosiyidwa umatidwe, koma mpata wokonzedwa dala ukhalepo ndipo uvekedwe waya woteteza udzudzu. Ife amisiri tizikumbukira kuti wayawo umachepetsa mpweya wodutsa, makamaka ukagwira fumbi la mu Seputembala ndi ulusi wa akangaude, choncho bowo lovekedwa waya liyenera kukula kuposa lopanda waya, ndipo liikidwe poti munthu angafikepo ndi tsache.

Kutsutsa kumene ndimakuona kovuta kuyankha ndi kwa ndalama. Mlimi wa ku Madisi kapena Mponela amene wagulitsa fodya kapena soya amawerenga malata, misomali ndi simenti, ndipo ikafika nkhani ya siling'i thumba limakhala litapepuka. Sindinganene kuti siling'i ndi yaulere. Chimene ndinganene n'chakuti siiyenera kukhala ya mabolodi a kusitolo. Mphasa za bango, nsungwi zong'alula zolukidwa bwino, ngakhale matumba osokedwa pamodzi n'kukokedwa zolimba pansi pa mitanda, zonsezi zimadula njira ya kutentha pakati pa munthu ndi lata, chifukwa chogwira ntchito kwenikweni ndi mpweya wodekha umene watsekeredwa pakatipo. Sikofunikanso kuyamba ndi nyumba yonse, chipinda cha ana chikhoza kutsogola. Ndipo siling'i imalipira kawiri, poti mu Okutobala ndi Novembala, lata likamaotcha ngati chiwaya, ndi yomweyo imene imatchinga moto wake. Ili ndi zovuta zake: makoswe ndi mileme zimakonda kudengako, ndipo chinyezi chikhoza kubisala kumeneko, choncho nsonga za khoma mbali zonse ziwiri zimafunika maventi akeake ovekedwa waya, ndiponso pakhale kachitseko kokwerera. Achikulire ena amati nyumba yaudzu inali yofunda m'chisanu ndi yozizira m'chilimwe, ndipo sakunama, udzu wokhuthala umatchinga kutentha kuposa lata kutalitali, komanso unkalola utsi ndi chinyezi kutuluka. Koma udzu wofolera ukusowa, umafuna kukonza pafupipafupi ndipo umagwira moto. Anthu sadzabwerera ku udzu, ndipo ntchito yathu ndi kubwezera pansi pa lata zabwino zimene udzu unkapereka.

Tsono bwanji osangoitanitsa makina a ku Germany aja, poti masiku ano kuli magetsi a sola? Ena angaone ngati ndikukaniza anthu a kumudzi chitukuko. Masamu omwe aja ndi amene akuyankha. M'chipinda chathu makina obweza magawo 80 pa 100 angapulumutse mawati osakwana 130, mafani ake n'kudyapo ena usiku wonse, pamene ku Regina, kumene kusiyana kwa panja ndi m'kati kumatha kupitirira madigiri 40, makina omwewo amapulumutsa kasanu kuposa pamenepa kwa miyezi yambiri. Kwathu chisanu chenicheni ndi cha miyezi iwiri kapena itatu, ndipo ngakhale pamenepo masana kumafunda. Makinawo amafunanso nyumba yopanda ming'alu, masefa osinthidwa kamodzi kapena kawiri pachaka, ndi magetsi osaduka, chonsecho kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 aliwonse m'dziko muno ndi amene ankaunikira magetsi. Magetsi akathima m'nyumba yomatidwa kotheratu, mpweya umaimiratu. Malo ake alipo, monga chipinda chopangira opaleshoni, labotale kapena ofesi ya ku Lilongwe imene imaziziritsidwa ndi makina tsiku lonse, poti kumeneko bokosilo limabweza kuzizira kogulidwa ndi ndalama zambiri. Koma nzeru yosataya kutentha kumene kukutuluka ilipo kale m'dera lathu la fodya. M'zaka za m'ma 2000, Peter Scott, mogwirizana ndi pulogalamu ya ProBEC ya bungwe la ku Germany la GTZ, anakonza kuno ku Malawi balani lootchera fodya wa kampopi lotchedwa rocket barn. Lili ndi chumuni ziwiri, ina m'kati mwa inzake. Utsi wotentha wokwera m'chumuni ya m'kati umafunditsa mpweya wa m'chumuni yakunja, ndipo mpweyawo pokwera umakoka chinyezi kuchokera m'masamba, popanda fani kapena magetsi, nkhuni n'kuchepa pafupifupi ndi theka. Mlimi wa fodya amadziwa bwino kuti akatseka mabowo onse tsamba limaola, akatsegula onse nkhuni zimatha. Luso limenelo n'lomwe likufunika pa nyumba yogona anthu, ndipo khitchini yokhala ndi chumuni yomangidwa mogundana ndi khoma la chipinda imapereka kufunda kwa moto wamadzulo kudzera m'njerwa, utsi wake ukupita kumwamba.

Chimene chikutisowa kwambiri ndi chizolowezi choyeza. Nyumba timaipereka kwa mwini wake masana, zitseko zili pululu, penti ikununkhira, aliyense n'kuyamikira, pamene mayeso ake enieni ali usiku wa mu Julayi, chitseko chotseka, anthu ali m'kati. Kuyezako sikufuna zida zodula. Tengani zoyezera kutentha ziwiri, china mupachike pakhonde, china kuchipinda kutali ndi khoma, ndipo muwerenge pogona ndi m'mbandakucha. Ngati m'mamawa m'kati mukungofanana ndi panja, vuto lili kudenga kapena kukhoma. Yatsani koilo ya udzudzu, chitseko chili chotseka, muisendeze pafupi ndi venti lililonse: kwina utsi uzikankhidwira m'kati, kwina uzikokedwa kutuluka, ndipo ngati ukungoima njo paliponse, chipindacho sichikupuma. Mukadzuka, tulukani panja kwa mphindi zochepa n'kubwereranso, mphuno idzakuuzani zimene inazolowera usiku. Gwirani kunsi kwa lata ndi kuseri kwa kabati. Palinso timakina ta m'manja toyeza carbon dioxide amene timatulutsa popuma. Panja amakhala pafupifupi magawo 420 pa miliyoni, ndipo kuyambira mu 1858 pamene Max von Pettenkofer wa ku Munich ananena za malire a 1,000, nambala imeneyi yakhala chizindikiro chakuti mpweya wa m'chipinda ukuchedwa kusintha. Kamakina kotere kamodzi pa ofesi ya zomangamanga ya khonsolo ya Dowa ndi kena ku Ntchisi kangathandize kuyeza makalasi, zipinda zogona ophunzira ndi mawodi a m'zipatala, ndipo sukulu zaluso zimene zili pansi pa TEVETA ziyenera kuphunzitsa omanga achinyamata kuyeza mpweya monga zimawaphunzitsira kugwira levulo.

Kwa amisiri anzanga, tisamaike maventi ngati chokongoletsera pamwamba pa zenera chifukwa choti aliyense amatero. Tiziyamba taima pamalopo n'kufunsa kumene mwera umachokera, kumene bedi lidzakhale ndi kumene mpweya udzatulukire, ndipo siling'i tiziilemba pa mndandanda wa zipangizo kuyambira pachiyambi, ngakhale mwini nyumba atasankha ya bango. Kwa inu eni nyumba a ku Dowa ndi Ntchisi, chisanu cha chaka chino chisanafike chotsani nsanza m'maventi, muvekemo waya, ikani siling'i kuchipinda cha ana, ndipo mbaula muziisiya kukhitchini.